Khadi Limene Silinamve za Maliro

Mkazi wanga anamwalira mwezi wa Febuluwale, chimanga chitangomasula. Patapita chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri ndinakamupeza ali moyo papepala, m'bokosi la makhadi ku chipatala cha mishoni, ndipo anali atanenepa.

Ndiyambe ndi mmene khadilo linalowera m'nyumba mwathu.

Tinakwatirana nditangochoka ku koleji ya aphunzitsi. Ananditumiza pa sukulu ina kumpoto kwa Nsaru, ndipo kwawo kwa mkazi wanga kunali pafupi, poti munthu akanyamuka dzuwa likutuluka ankafika belu lisanalire. Choncho ndinakhala chikamwini monga mwamuna aliyense wa kumeneko, ngakhale ndinali wa nsapato ndi tayi. Ndinamanga nyumba kuseri kwa ya apongozi, anandilozera polima, ndipo Loweruka ndinkathandiza mlamu wanga wamwamuna kusoka fodya m'chigafa.

Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mkazi wanga anapita ku chipatala. Adokotala a kumeneko anali asisitere achizungu, aatali, olankhula Chinyanja cha m'buku la mapemphero. Masiku amenewo ankalemba mayina a amayi oyembekezera. Ankati amayi ambiri a kuno amachepa magazi akamabereka, ndipo ankafuna kudziwa ngati mapiritsi ena ake, akamwedwa kwa zaka zingapo, angasinthe zimenezo. Mayi wovomera ankayenera kumabwera miyezi itatu iliyonse, iye ndi mwana wake, kufikira mwanayo atayamba sukulu. Ankamuyeza pa sikelo, kumutsegula chikope, kumubaya pachala, n'kumupatsa mapiritsi ena. Ambiri anakana. Inali nthawi ya chitaganya, ndipo chilichonse chochokera kwa azungu anthu ankayamba achinunkhiza. Ena ankati magazi a pachalawo amakagulitsidwa kunja.

Mkazi wanga anadzandifunsa ine, poti ndinali wophunzira. Ndinamufotokozera kuti nzeru za mankhwala zimapezeka chotero: umatenga anthu ambiri, n'kumawatsatira kwa nthawi yaitali, n'kumalemba zonse, ochira ndi osachira omwe, osadumpha ngakhale ulendo umodzi. Ndikukumbuka kuti ndinkamenya patebulo ndi chala ngati ndili m'kalasi. Iye anandimvetsera mpaka ndinatha, kenako anati, "Aphunzitsi, belu lalira kale, ana apita." Ndi mmene ankandiletsera ndikatalikitsa nkhani. Koma anakalembetsa.

Makhadi anali awiri. Lalikulu linkatsala ku chipatala. Laling'ono ankalisunga yekha m'chitini chimene munali tiyi kale. Pa onse awiri panali nambala imodzi, ndipo poti sankawerenga bwino manambala, anaisandutsa kanyimbo n'kumaimba akamatsuka mbale.

Mwana anabadwa, wamkazi. Anapita naye ku sikelo maulendo awiri. Kenako Febuluwale uja mkazi wanga anadwala malungo. Tsiku lachitatu tinamukweza pangolo, koma mtsinje unali utadzaza ndipo ng'ombe zinakana madzi. Tinabwerera. Tsiku lachinayi anatisiya. Za masiku anayi amenewo sindilemba zambiri.

Tsiku lometa, amalume ake, amene anali mwini mbumba, anagawa katundu wake. Ine ndinakhala patali, mutu uli mbee, ndipo sindinayang'ane. Ndinangomva kuti zambiri zapita kwa mng'ono wake, mtsikana wosakwatiwa amene anali atatenga kale mwana n'kumamubereka kumbuyo. Patapita masabata angapo ankhoswe anandiuza mawu a akuluakulu. Anati sakufuna kundisudzula. Anati nyumba isagwe, mng'ono wake alipo, mwana wamuzolowera, ndipo palibe chothamangira. Sindinavomere, sindinakanenso. Ndinasamukira ku nyumba ya aphunzitsi pa sukulu, ndikunamizira kuchuluka kwa makope ochonga, ndipo ndinkabwera kumudzi Loweruka lililonse.

Aliyense ankadziwa mmene zinthu zinalili, ngakhale panalibe wozitchula. Malinga ngati sindinayankhe, ndinali mkamwini wa pamudzipo. Ndinkalowa osaodira, kunyamula mwana wanga, kugona m'nyumba yomwe ndinamanga. Tsiku lomwe ndikanakana, akanandisudzula, mwana n'kutsala ndi mbumba yake monga mwa mwambo, ine n'kusanduka mlendo woyamba watumiza mawu asanabwere. Ndinakhala pakatikati pamenepo chaka ndi theka, ndipo ndikanatha kukhalapo zaka khumi.

Tchuthi chachikulu chitafika, abambo a parishi amene ankayang'anira sukulu yathu anandiuza kuti adokotala akufuna munthu wa dzanja labwino woti akopere makhadi m'buku lalikulu lopita kunja kwa nyanja. Ndinavomera msanga. Tchuthi chinkandivuta chifukwa chinkandilanda chonamizira.

M'mawa wa tsiku loyamba adokotala anandilowetsa m'kachipinda kokhala ndi tebulo, mabokosi atatu a makhadi, ndi buku lotambalala ngati chitseko cha khola la nkhunda. Anandionetsa mizere yake: apa kulemera kwa mayi, apa magazi, apa zomwe wanena, apa mwana, ndipo kumapeto kwenikweni danga la omwalira. Kenako anafufuza m'bokosi lachiwiri n'kusolola khadi limodzi loti ndiphunzirirepo. Anati amalikonda khadi limeneli. Mayi wake anayamba ali wofooka, magazi ochepa, koma taonani pano.

Nambala ndinaizindikira ndisanaone dzina. Inandiimbira yokha m'mutu.

Mizere itatu yoyamba ndinkaidziwa: ulendo wolembetsa, ndi maulendo awiri a mwana ali wakhanda. Pansi pake panali mizere ina isanu ndi umodzi. Woyamba unalembedwa mwezi wa Meyi, miyezi itatu titaika maliro, ndipo unkati ali bwino. Kulemera kunakwera. Magazi anakwera. Pa mzere wina namwino analemba kuti ali ndi chifuwa pang'ono. Pa wina, kuti mwana wayamba kuyenda.

"Akanakhala onse ngati uyu," anatero adokotala, "ntchito yathu ikanapepuka."

Sanadziwe kuti akulankhula ndi ndani. Pakhadipo panali dzina la mayi, mfunda wake ndi mudzi wake. Danga la dzina la mwamuna panalibe. Ndinamva pambuyo pake kuti namwino wachikuda amene anathandiza kukonza makhadiwo anawalangiza kuti asavutike nalo, poti kuno amuna amabwera n'kupita koma mayi amapezeka pomwe unamusiya.

Ndiyenera kunena zoona: kwa kanthawi ndinakhulupirira. Sikuti ndinaganiza kuti wauka. Koma pepalalo linali loyera, manambala ake olembedwa bwino, ndipo ine ndinaphunzitsidwa kuti cholembedwa chimaposa chokumbukira. Ndinayamba kuwerenga miyezi pa zala pansi pa tebulo. Kenako ndinaganiza kuti ndi mayi wina wa dzina lomwelo, mpaka ndinaona tsiku lobadwa la mwana. Linali la mwana wanga. Adokotala atatuluka ndinaika khadilo kumbuyo kwenikweni kwa bokosi lachitatu, n'kuyamba kukopera a anthu ena.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinapeza mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga uja, akusenda mtedza pakhonde, mwana akutola makoko n'kumaponya nkhuku. Nditakhala pang'ono ndinamufunsa za chitini cha tiyi. Ndinkayembekezera kuti achita mantha. Anangokutumula nsalu yake, kulowa m'nyumba, n'kubwera nacho. Khadi laling'ono linali momwemo, lokulungidwa m'kansalu kuti lisanyowe, ndipo pansi pake panali mapiritsi a mwezi umenewo, owerengedwa bwino m'kapepala.

Ndinamufunsa kuti ndani amapita nalo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti ndani amasesa pabwalo.

"Nanga apite ndani, alamu? Anandipatsa khasu, munda, mwana ndi chitinichi, tsiku limodzi. Munda ndikulima, mwana ndikulera. Khadi lokha ndilisiyire chiswe?"

Anandiuza kuti sanadumphepo ulendo, ngakhale wa mvula uja anawoloka madzi ali m'chiuno. Mapiritsi ankamupweteka m'mimba masiku oyamba koma anamwa onse. Ndinamufunsa ngati ku chipatala samufunsa dzina. Anati amaitana nambala, iye n'kuvomera. Ulendo wina namwino anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti wasintha, ndipo iye anayankha kuti inde, wasintha. Sanaone bodza pamenepo. Anati akulu ake analonjeza kwa asisitere kuti adzabwera mpaka mwana atayamba sukulu, ndipo lonjezo la munthu siliikidwa naye m'manda pamene abale ake alipo.

"Si inu nomwe munkamenya patebulo kuti asadumphe ngakhale kamodzi? Ndinali pakhonde pano, ndinamva."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati adokotala sakufuna munthu wongodzaza malo, akufuna thupi lomwe lija analiyamba, kuti aone chimene mapiritsi achita m'magazi omwe aja. Magazi amene akuyeza tsopano ndi a munthu wina, mtsikana wamphamvu amene sanaberekepo.

"Munthu wina ndani?" anatero. "Ine ndi akulu anga tinayamwa bere limodzi. Magazi athu ndi amodzi. Kapena ku koleji anakuuzani zina?"

Ku koleji anandiuzadi zina. Koma mawu ake anali a Chingerezi, ndipo nditayesa kuwatembenuza kuti ndiwanene pabwalo lija, pakati pa mtedza ndi nkhuku, ankatuluka ngati ndikunena kuti iye si m'bale wa mkazi wanga.

Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe nthawi yonseyi, akupeta. Mwa mwambo sitinkayang'anana kapena kulankhulana maso ndi maso. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana. Anamuitana, mwana anapita akudzandira, ndipo ndinamva akumuuza mokweza pang'ono kuti, "Ukawauze atate ako kuti ife pano malo a mayi ako sitinawasiye opanda munthu. Amene akanene kwa alendo kuti ndi opanda munthu, ndiye kuti watiyankha."

Madzulo ake mlamu wanga wamwamuna anandiperekeza mpaka pa dambo, akukankha njinga yanga. Iye sankazungulira. Anati mudzi wonse ukudziwa, ndipo si ife tokha. Ananditchulira amayi ena awiri a midzi yoyandikana: wina ankayendera khadi la mkulu wake womwalira, wina la msuweni wake amene anatengedwa chitengwa kupita ku Kabudula. Anati palibe amene waba kanthu, mapiritsi akumwedwa, ana akuyezedwa, asisitere akusangalala. Kenako anaima n'kundipatsa njinga.

"Alamu, ine sukulu ndinalekera panjira, koma ichi ndikuchiona. Mukakanena kuti uyu si mayi wa pakhadipo, mwanenanso kuti si mayi wa m'nyumbamo. Amalume sadzadikiranso. Mwana uja muzidzamuona ngati mlendo."

Ndinati ndamva. Anandifunsa kuti ndiye nditani. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkanama.

Ndinakopera makhadi masabata atatu. Ntchitoyo inali yabwino kwa munthu ngati ine, yopanda phokoso. Koma masana, anamwino akapita kukadya, ndinkasolola khadi lija kumbuyo kwa bokosi n'kumaliwerenga. Ndi chinthu chimene sindinauzepo munthu mpaka lero. Ndinkaliwerenga ngati kalata. Pamenepo mkazi wanga anadutsa Febuluwale uja. Anadwala chifuwa mwezi wa Ogasiti n'kuchira. Anaona mwana wake akuyenda. Ananenepa, iye amene nsalu inkamuzungulira kawiri. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikuwerenga za mng'ono wake, komabe ndikalibweza m'bokosi mtima unkakhala m'malo kuposa masiku ena onse a chaka chimenecho. Ndinayamba kuganiza kuti mwina apongozi ndi amene akuona bwino, ndipo ine sukulu inandiphunzitsa kulekanitsa zinthu zimene Mulungu sanalekanitse.

Koma panalinso danga lija la kumapeto kwa buku. Ndikamatsegula masamba ndinkaona kuti ndi loyera kwambiri. Ine ndinali nditayenda maliro a amayi achitsikana dzinja lililonse chibwerere ku dera limenelo, ndipo kuyera kwa dangalo sikunkagwirizana ndi zomwe mapazi anga ankadziwa. Tsiku lina adokotala anabwera kudzaona pomwe ndafika, ndipo anandiuza kuti chimene amaopa kwambiri pa ntchitoyi si imfa. Imfa amailemba, ndipo imawaphunzitsa kanthu. Amaopa munthu wongosowa, wosadziwika ngati ali moyo kapena ayi. Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga womwalira amene akubwerabe ku sikelo amamuika m'gulu liti. Ndinangoti ndamva, asisitere.

Tsiku lomaliza linafika, m'bokosi lachitatu mutatsala khadi limodzi. Ndinali nditaganiza zolikopera mmene linalili. Panalibe akanadziwa. Ndinalemba nambala, dzina, mudzi. Ndinakopera mizere itatu yoyamba. Ndinaviika cholembera mu inki kuti ndiyambe wachinayi, wa Meyi uja, woti ali bwino. Inki inauma pa cholembera. Ndinaviikanso, inaumanso.

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinaganizira amayi a m'tsogolo, amene akanapatsidwa mankhwala chifukwa cha umboni wa mtsikana wosabereka. Ndinawaganiziradi, koma pambuyo pake, ndili panjinga. Pa nthawiyo ndinkangoona ng'ombe zija zitaima m'mbali mwa mtsinje. Buku limeneli linali kupita kwa anthu amene sadzafika kuno, ndipo likanawauza kuti masiku anayi aja sanachitike. Kumudzi anali atatseka kale malo ake. Ngati nanenso, ndi dzanja langa, ndikanalemba kuti ali bwino, sindikudziwa kuti akanatsala atamwalira kuti.

Ndinatenga khadilo n'kukagogoda kwa adokotala. Ndinawauza ndili chiimire, mwachidule, ngati mwana wonena phunziro loloweza. Anavula magalasi. Anandifunsa tsiku limene anamwalira. Anandifunsa matenda, ndi masiku amene anadwala, ndiponso ngati ankamwa mapiritsi mpaka pamapeto. Mawu oti pepani anabwera pambuyo pa mafunso onsewo, ndipo nkhope yawo inafiira atazindikira kuti achedwa nawo. Sindinawakwiyire. Anali anthu oyamba kundifunsa za masiku anayi aja mwadongosolo, limodzi ndi limodzi, ndipo ndinayankha mosavuta kuposa mmene ndinkayembekezera.

Kenako anafunsa kuti, "Kodi alipo ena?"

Ndinati ndikudziwa za mkazi wanga yekha.

Limenelo linali bodza, ndipo ndinalinena mpweya wa choonadi chija usanathe m'kamwa. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu amene anataya zonse chifukwa chokana kulemba mzere umodzi wabodza anabisiranji makhadi awiri athunthu. Mwina sindinali kufuna choonadi. Mwina ndinkangofuna maliro anga.

Anatsegula kabati n'kutulutsa botolo la inki yofiira. Anati ndilembe ndekha ngati ndingathe, poti dzanja la m'bukumo ndi langa. Ndinalemba tsikulo m'danga la kumapeto. Aka kanali koyamba kulilemba paliponse. Pamanda tinangoika mtanda wa mtengo wopanda zilembo. Iwo anatenga rula n'kudula mizere isanu ndi umodzi ija, umodzi ndi umodzi, mosamala, kuti zolembedwazo zizionekabe pansi pa inki. Ndinawafunsa za mlamu wanga. Anati akadwala abwere monga munthu aliyense, koma m'bukumo sangalowe, poti sanayambe nawo pachiyambi. Mwana yekha ndiye apitirize.

Pa sikelo yotsatira anamwino anayamba kufunsa mayi aliyense dzina la mayi ake omubereka, n'kumuimika pa chitseko kuti aone ngati msinkhu wake ukugwirizana ndi umene unalembedwa poyamba. Amayi ena ataona zimenezo anabwerera pa mpanda, ndipo sanabwerenso. Midzi yonse inadziwa kuti zachokera kwa mphunzitsi. Adokotala anapeza anthu osowa ochuluka kuposa kale, aja ankawaopa aja. Ngati ndinawathandiza kapena ndinawaonongera, sanandiuze.

Tsiku limenelo ndinali pa tebulo, poti ndinali nditawapempha kuti ndizibwera kudzalemba masiku a sikelo. Mlamu wanga anabwera, mwana ali kumbuyo. Nambala itaitanidwa anaimirira monga mwa nthawi zonse, ndipo namwino anamuuza kuti lero ndi mwana yekha. Sanatsutse. Anafika pa tebulo langa, n'kugwada pang'ono monga ankachitira kumudzi.

"Alamu, mapiritsi onse aja ndinamwa, apita kuti?"

Ndinati ali m'thupi mwake, ndipo mwina amuthandiza.

"Koma m'bukumo?"

Ndinati m'bukumo mulibe.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa kuti munda umene walima chaka chonse unali wa eni ake. Anamasula mwana n'kundipatsa kuti ndimuike pa sikelo ndekha.

Anandisudzula mvula isanagwe. Sipanakhale mkangano. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume ananena kuti ndinawasungira bwino mwana wawo, palibe mlandu, ndipo ndine womasuka kukakwatira kulikonse. Anandipatsa mpando wanga, bokosi la mabuku ndi nkhuku imodzi. Nditamanga katundu panjinga, apongozi anatuluka m'nyumba, anabwera mpaka pomwe ndinaima, n'kundiyang'ana kumaso. Anandipatsa moni ndi dzanja n'kundifunsa ngati ndikudya bwino ku sukuluko. Zaka zinayi ndinakhala pamudzipo ndisanaone bwino nkhope yawo. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, monga mwana wawo. Anatha kundiyang'ana chifukwa sindinalinso kanthu kwa iwo.

Kuyambira pamenepo, ndikafuna kuona mwana kumudzi ndinkayamba ndatumiza mawu, ndipo nthawi zina yankho linkabwera loti ali kumunda. Sankandimana mwankhanza, koma mlendo sabwera sabata iliyonse. Chimene chinanditsalira chosapempha kwa munthu chinali sikelo. Kanayi pa chaka mlamu wanga ankabwera naye, osadumpha ngakhale kamodzi, ngakhale atakwatiwa n'kukhala ndi wake wakhanda. Ine ndinkamuvula mwana nsapato ngati wavala, kumuimika pa sikelo, kusuntha kachitsulo mpaka muvi utakhazikika, n'kulemba. Ndinkadziwa kulemera kwake kuposa bambo aliyense wa m'dera limenelo. Chimene amakonda kudya, kapena chimene chimamuopsa, sindinkachidziwa. Ankanditcha aphunzitsi, poti ndi mmene onse pamzerepo ankanditchulira.

Adokotala anabwerera kwawo zaka za sikelo zija zisanathe, ndipo mabuku anawatsatira. Zimene anapeza sindinazimve. Ndinafunsapo kamodzi kwa asisitere amene analowa m'malo mwawo, ndipo anati zinthu zotere zimatenga nthawi yaitali, mwina zinalembedwa kwinakwake. Sindikudziwa ngati mapiritsi aja ankathandiza. Sindikudziwa ngati tsiku limene ndinalemba ndi inki yofiira linasintha nambala ina iliyonse kutsidya kwa nyanja, kapena linangomira pakati pa masamba.

Ulendo womaliza wa sikelo unafika mwana atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Anali atayamba kuzindikira zilembo zingapo. Ndikulemba kulemera kwake, anasuzumira pakhadi lalikulu lija, n'kuika chala pa mizere yodulidwa. Anafunsa mlamu wanga, amene ankamutcha amayi, kuti ndani analakwitsa pamenepa, poti anali atamva kwa anzake kuti inki yofiira ndi ya olakwa.

Mlamu wanga anali akukonza nsalu ya khanda lake. Sanakweze maso.

"Afunse aphunzitsi," anatero. "Ndiwo analemba."

Mwana anatembenukira kwa ine n'kudikira. Kumbuyo kwake kunali mzere wa amayi, ndipo namwino anali ataitana kale nambala yotsatira. Ndinasuntha chala chake kuchoka pa mizere yofiira kupita pamwamba pa khadi, pomwe panali dzina, ndipo ndinamuwerengera. Analibwereza bwinobwino, chilembo ndi chilembo, kenako anafunsa ngati atsike pa sikelo. Ndinati atsike.